Munda wolimira nyama za m'chire: phunziro locokera ku dziko louma la Texas

Mwezi wa Malici ukafika, cimanga cikayamba kukhwima, ambiri a ife okhala ku Malambo ndi m'midzi ya m'mphepete mwa mapiri sitigona m'nyumba. Timakwera pansanja ndi cigubu m'manja, kulinda njovu, mvuu, nguluwe ndi nungu. Kukaca, amai ndi ana amatilandira kuti apirikitse anyani. Tinakula tikudziwa kuti nyama ikalowa m'munda, njala yalowa m'nyumba.

Tsono mudzadabwa, owerenga athu, kumva kuti kuli anthu amene amagula mbeu, feteleza ndi dizilo, nalima munda wooneka bwino, koma osafuna kukololamo ngakhale dengu limodzi. Munda wonsewo amalimira nyama za m'chire kuti zidye, zinenepe, ziswane, ndipo nyengo ya uzimba ikakwana akaombeko zina. Minda yotere pa Cingerezi amaicha food plots, ndipo ndi yofala m'dziko la United States of America. Anyamata athu aiona pa mafoni, ndipo pa misonkhano ya alimi ndi m'timagulu ta m'parishi tamva ena akufunsa kuti, nanga ife tilekeranji kucita cimodzimodzi, popeza nyama zimabwera kale zokha m'minda mwathu? Funsoli lifunika kuyankhidwa bwino, cifukwa kuliyankha molakwa kungatayitse munthu mbeu zake, ngakhale kumulowetsa m'ndende. Tiyeni tione kaye mmene nchitoyi imayendera kwao komweko, ku mbali youma ya Texas.

Dziko la minga ndi mvula yocepa

Texas ndi cimodzi mwa zigawo 50 za United States, ndipo kukula kwake kutsala pang'ono kufanana ndi Zambia yense. Kum'mawa kwake kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,200 pa caka, koma munthu akamalowera kumadzulo ndi kum'mwera mvula imanka nicepa. Mu mzinda wa Laredo, pamalire ndi Mexico, imagwa pafupifupi mamilimita 500, ndipo ku El Paso siifika ndi 300 komwe. Kuti tiyerekeze ndi kwathu, ku Chipata timalandira pafupifupi 1,000, pamene zigwa za Luangwa ndi Zambezi kawirikawiri zimalandira yosapitirira 800. Kum'mwera kwa Texas ndi dziko la zitsamba za minga, lotentha ngati Malambo mu Okutobala. Nyengo zao ndi zotembenuka: mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife tikuotha moto, iwo ali m'kati mwa dzuwa loswa mtengo.

Nyama imene amailimira kwambiri ndi yochedwa white-tailed deer. Msinkhu wake ndi wofanana ndi nswala yathu, motero m'nkhani ino tiziicha nswala. Kusiyana kwake kuli pa nyanga. Yaimuna ili ndi nyanga za mphandamphanda zimene zimagwa caka ciliconse, ndipo zatsopano zimamera ndi kukula m'miyezi yowerengeka. Ca m'ma 1900 nswala zimenezi zinatsala pang'ono kutha cifukwa cophedwa mosasamala ndi kugulitsidwa m'misika, kotero kuti m'dziko lonse munatsala pafupifupi 500,000 cabe. Zinabwerera cifukwa ca malamulo: analetsa malonda a nyama yake, anaika nyengo ya uzimba ndi ziphaso, ndipo mu 1937 anakhazikitsa lamulo loti msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo uzipita ku nchito yosamala nyama. Lero akuti zilipo pafupifupi 30 miliyoni m'dziko lonse, ndipo Texas yokha ili ndi zoposa 4 miliyoni.

Amazilimira cifukwa ninji?

Cifukwa coyamba ndi ndalama. Malo oposa 90 peresenti a mu Texas ndi mafamu ndi mapuloti a anthu. Nswala mwalamulo ndi za anthu onse pansi pa boma, koma wosunga kiyi ya geti ndi mwini famu. Mlenje wocokera ku Houston kapena San Antonio, ngakhale ali ndi ciphaso ca boma, ayenera kulipira mwini malo kuti alowe kukasaka m'nyengo yake, imene imayamba mu Novembala ndi kutha mu Janyuwale. Nswala yaimuna ya nyanga zazikulu imalipiridwa madola zikwi zingapo. Nyama yake saloledwa kugulitsa: amadya pabanja, kugawira anzao, kapena kupereka ku mabungwe odyetsa osauka. Cimene mlenje amalipirira kwenikweni ndi nyanga ndi cisangalalo ca uzimba. Pa mafamu ena a kum'mwera ndalama za alenje zimaposa za ng'ombe.

Cifukwa caciwiri ndi msonkho. Mu 1995 anthu a mu Texas anavomereza pa voti kusintha lamulo kuti mwini malo a ulimi amene wasankha kusamala nyama za m'chire apitirize kulipira msonkho wocepa monga mlimi. Koma ayenera kucita zinthu zitatu mwa zisanu ndi ziwiri izi: kusamala chire, kuteteza nthaka kuti isakokoloke, kucepetsa zilombo zolusa, kupereka madzi, kupereka cakudya coonjezera, kukonza pobisala nyama, ndi kuwerenga nyama. Taonani kuti munda wa cakudya ndi cimodzi cabe pa mndandandawu.

Cifukwa cacitatu ndi thupi la nyamayo. Kuti nyanga zikule bwino, ndiponso kuti yaikazi ikhale ndi mkaka wokwanira, nswala imafuna cakudya cokhala ndi mapuloteni pafupifupi 16 peresenti. Cimanga cimene alenje ambiri amamwaza pokopa nyama sicifika ndi 10 peresenti komwe, pamene masamba a mbeu za mtundu wa nyemba amapitirira 20. Kum'mwera kwa Texas ana a nswala amabadwa ca mu Julayi, dzuwa litakula ndipo msipu utauma, nthawi yomwenso nyanga za zazimuna zikukula. N'cifukwa cake amalima minda ya mitundu iwiri. Wa nyengo yotentha amaubzala ca mu Malici kapena Epulo kuti udyetse nyama. Wa nyengo yozizira, wa oats kapena tirigu, amaubzala ca mu Sepitembala ndi Okutobala, ndipo nchito yake yaikulu ndi kukokera nyama poyera pamene mlenje angazione. Ena amalimanso mpendadzuwa kuti akope njiwa.

Mbeu zake ndi zocokera kwathu

Apa ndi pamene ife tinacita cidwi. Mukafunsa mbeu zimene zimapirira m'minda ya nyengo yotentha ya kumeneko, akuchulirani zitatu: nyemba, mapira, ndi lablab, imene ena kwathu amaicha nkhungudzu. Zonse zitatu kwao ndi kuno ku Africa. Nyemba zinaoloka nyanja m'nthawi ya malonda a akapolo. Mtundu wochuka wa lablab umachedwa Rongai potengera dera la ku Kenya kumene unatengedwa. Unapita kaye ku Australia, kumene unayamba kugawidwa kwa alimi mu 1962 monga msipu wa ng'ombe, kenaka unafika ku America. Lablab imazika mizu yakuya, imakhala yobiriwira pamene zina zafota, ndipo nyama ikadya masamba imaphukanso. Mapira amawasakaniza kuti nyemba zipeze poyanga ndi mthunzi, komanso kuti mbalame zidye njere.

Tiyeni tiime pang'ono pamenepa. Mbeu zimene agogo athu anali kubzala, zimene ambiri a ife tinazikankhira kumapeto kwa munda cifukwa ca cimanga ca haibulidi ndi feteleza wa makuponi, ndi zomwe munthu wolemera wa ku Texas, wokhoza kugula mbeu iliyonse pa dziko lapansi, wazisankha pofuna cinthu cosagonja msanga ku dzuwa.

Kusunga madzi usanabzale

Mu mzinda wa Kingsville, kum'mwera kwa Texas, muli bungwe lofufuza za nyama za m'chire lochedwa Caesar Kleberg Wildlife Research Institute, limene linayamba mu 1981. Akatswiri ake, monga a Timothy Fulbright, anathera zaka zambiri akuyesa minda imeneyi. Phunziro lao lalikulu ndi lakuti m'dziko louma munda wa nyama uyenera kulimidwa ndi luso lonse la mlimi weniweni. Kungomwaza mbeu ndi kubwerera kutauni ndi kutaya ndalama.

Coyamba ndi kusankha malo. Amafuna nthaka yakuya yosunga cinyontho, pamalo otsika pamene madzi a mvula amatsikira, koma posadikha madzi. Caciwiri ndi kukonza munda miyezi ingapo nthawi yobzala isanafike. Amagaula nthaka kuti mvula iliyonse imene yagwa ilowe pansi, ndipo salola udzu kumera, popeza udzu uliwonse ukumwa madzi a mbeu ya m'tsogolo. Iwo amaona nthaka ngati nkhokwe ya madzi: asanabzale amakumba kapena kuzika citsulo kuti aone pamene cinyontho calekezera, ndipo cikakhala cosakwanira, wanzeru amasunga mbeu yake m'thumba.

Cacitatu ndi kabzalidwe. Sabzala mothinana. Amabzala m'mizere yotalikirana, ndipo ena amatengera njira ya alimi a thonje a kumeneko, yobzala mizere iwiri ndi kudumpha umodzi, kuti mizu ipeze madzi m'mzere wopanda kanthuwo mvula ikadula. Mbeu zocepa zokhala ndi madzi okwanira zimapereka masamba ambiri kuposa mbeu zambiri zolimbirana dontho limodzi. Amapaliranso pakati pa mizere monga timacitira ndi cimanga.

Cacinai ndi mpanda. Ng'ombe siziloledwa kulowa. Ngakhale nswala zomwe, pa masabata oyamba ena amazichinga ndi waya wa magetsi kapena mpanda wautali, cifukwa nyemba ndi lablab zikadyedwa zili ndi masamba awiri zimafa. Kamunda kakang'ono pakati pa nyama zambiri kamatha m'masiku owerengeka. Pofuna kudziwa coona, amaika kakhola ka waya pakati pa munda kamene nyama sizingalowemo. Mbeu za m'kati zikakula pamene za kunja zili zometeka, ndiye kuti nyama zaculuka kuposa cakudya. Za m'kati nazo zikakhala zopinimbira, vuto ndi mvula kapena nthaka. Ndi nzeru yochipa imene ngakhale ife tingayese pa dimba kapena pa msipu wa mbuzi.

Cikomekome ca mkuyu

Koma akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Akatswiri a nyama a ku Texas komweko amacenjeza za cinthu cimodzi cimene ogulitsa mbeu sakonda kuchula. Caka ca mvula yabwino munda umacita bwino, koma caka cimeneco chire lonse ndi lobiriwira ndipo nswala sizisowa kanthu. Caka ca cilala, pamene nyama zikuvutikadi, munda wopanda madzi othirira nao umauma, kapena sumera n'komwe. Mu 2011, cimodzi mwa zaka zouma koposa m'mbiri ya Texas, mbeu za alimi zinapserera, ng'ombe zinagulitsidwa mwa unyinji, ndipo minda ya nyama sinapulumuke mwapadera.

Nanga nswala zimene zinapyola caka cimeneco zinadya ciani? Zinadya za m'chire: masamba a zitsamba za minga zokhala ndi mizu yakuya, zipatso za mtengo wochedwa mesquite zokhala m'makoko ngati a nyemba, ndi comera ca minga ca madzi ambiri cochedwa prickly pear. Ife a ku Malambo tikudziwa zimenezi. Mu Sepitembala ndi Okutobala, udzu utapsa, nswala, ngoma ndi njovu zimasonkhana pansi pa misangu kudya makoko ake. Palibe amene anaibzalira nyama mitengo imeneyo, ndipo siifuna dizilo. Ngozi yaikulu ndi yakuti munthu agwetse chire labwino ndi thalakitala kuti alime munda wa nyama, kenaka cilala ciumitse mundawo, nyama n'kutsala zopanda zonse ziwiri. Motero alangizi amati mundawo ukhale kacigawo kakang'ono ka malo onse, makamaka pamene panalimidwa kale, ndipo ciwerengero ca nswala ndi ng'ombe cisapose cimene chire lingadyetse m'caka coipa.

Pali mavuto enanso. Munda suitana nswala zokha. Mu Texas muli nkhumba zolowerera m'chire zoposa 2 miliyoni, zimene zimafukula mbeu usiku umodzi monga nguluwe zathu, ndipo sizidziwa malire a munda wa nyama ndi munda wa mnansi wolima cakudya. Ndiponso nyama zikamaunjikana pamalo amodzi matenda amafala msanga. Matenda a ubongo ochedwa chronic wasting disease, amene alibe mankhwala, anapezeka koyamba mu Texas mu 2012, ndipo kuyambira pamenepo boma lakhala likukhwimitsa malamulo a kasamutsidwe ka nswala.

Nanga kwathu kuno?

Tibwerere ku funso la anyamata athu. Coyamba ndi lamulo. Malinga ndi lamulo la nyama za m'chire la 2015, nyama zonse za m'chire m'Zambia zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ndipo oziyang'anira ndi Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016. Nyama ikalowa m'munda mwanu siikhala yanu. Kuisaka popanda ciphaso ndi mlandu, ndipo kuchera mawaya ndi koletsedwa. Munthu amene angabzale nyemba m'mphepete mwa chire kuti akope mbawala, kenaka n'kuchera waya, sakutengera za ku Texas ai; akupha nyama mozemba, ndipo mapeto ake ndi khoti. Wa ku Texas uja ali ndi ciphaso, ali ndi nyengo yoikika, ndipo ali ndi ciwerengero cimene sangapitirire.

Caciwiri ndi mtundu wa nyama zathu. Nswala ya ku Texas siipha munthu, siigwetsa nkhokwe. Ife oyandikana nao ndi njovu, njati ndi mvuu. Amene angalime munda woitana nyama pafupi ndi mudzi wa ku Mambwe, Lumezi kapena Chama akuitanira anansi ake tsoka. Nyama yozolowera kukoma kwa za m'munda siileka, ndipo mawa idzalowa m'munda wa mai wamasiye amene alibe womulindira usiku. N'cifukwa cake nchito yathu yakhala yosiyana ndi yao: mipanda ya tsabola, kuocha njerwa za ndowe zosakaniza ndi tsabola, kulima minda moyandikana kuti tilinde pamodzi, ndi kudziwitsa msanga asilikali a nyama zikavuta.

Cacitatu ndi mimba. Wa ku Texas munda wa nyama ukalephera wataya ndalama za cisangalalo, cakudya cake akagula kusitolo. Ife lima imodzi ikalephera ndi miyezi ya njala. Sitinaiwale 2024, pamene pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citaonongeka mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. Banja limene linapyola caka cimeneco silingapatule mbeu ndi mphamvu kulimira nyama.

Izi sizitanthauza kuti nyama sizingapindulire mudzi. M'Zambia muli madera 36 ochedwa Game Management Areas, monga Lupande, Sandwe ndi Lumimba, kumene alenje olipira amasaka mwa ciphaso, ndipo gawo la ndalamazo liyenera kufika kwa anthu kudzera m'makomiti a Community Resources Board ndi mafumu. Alipo madandaulo akuti ndalamazo zimacedwa kapena kucepa, ndipo ndi udindo wathu kupita ku misonkhano, kufunsa mabuku ndi kusankha anthu okhulupirika. Mafamu oweta nyama za m'chire nao ndi ololedwa kwa amene watenga cilolezo, ali ndi malo okwanira, mpanda ndi madzi. Kumeneko ndi kumene munda wa nyama ungakhale ndi malo ake. Ndipo bungwe la COMACO, limene lagwira nchito m'cigwa ca Luangwa kuyambira mu 2003, laonetsa njira ina: alenje akale kupereka mfuti ndi mawaya, naphunzira kulima mpunga, nshawa, soya ndi kuweta njuci, ali ndi msika wogulitsako.

Zimene tingatenge

Tikapeta nkhani yonseyi, m'licero mutsala zinthu zitatu zothandiza mlimi wa kuno.

Coyamba, madzi a mbeu amasungidwa m'nthaka mvula isanayambe ndi pamene ikugwa. Zimene iwo amacita ndi mathalakitala, ife tili nazo kale mu ulimi wa Gamphani: kukumba maenje m'cilimwe, kusiya mapesi m'munda osaocha, kubzala ndi mvula yoyamba yokwanira, ndi kupalira msanga udzu usanamwe madzi. Pamalo ouma tisaope kutalikitsa mizere.

Caciwiri, tibweze ulemu kwa nyemba, mapira ndi nkhungudzu. Ngati zimasunga nswala pa mvula ya mamilimita 500, zingasungenso ana athu, mbuzi ndi ng'ombe zathu za pagoli, zimene zimafika pa nthawi yolima zili mafupa okhaokha. Nyemba zimatipatsa ndiwo za masamba, njere, ndi conde m'nthaka. Kacigawo ka lima imodzi kokha kangasinthe mwezi wa Febuluwale pakhomo.

Cacitatu, chire ndi nkhokwe ya caka coipa. Anthu okhala ndi ndalama, makina ndi masukulu a ukacenjede afika potsimikiza kuti munda wolimidwa sungalowe m'malo mwa zitsamba ndi mitengo ya cilengedwe. Ife tikamagwetsa mitengo kuocha makala, tikamayatsa lupsa mu Okutobala pofuna mbewa, tikamalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, tikuphwanya nkhokwe imene imadyetsa nyama kutali ndi minda yathu. Nyama ikasowa kumeneko, idzabwera kwa ife.

Motero pamene mafumu, manduna ndi makomiti a m'midzi akhala pansi kugawa malo a minda yatsopano caka cino, tipemphe kuti ayambe agwirizana za malo amene sadzagawidwa: madambo, njira za njovu zopita kumadzi, ndi nkhalango za misangu. Ndipo mnyamata akabwera ndi foni kutionetsa nswala ya nyanga zazikulu ili m'munda wobiriwira wa ku Texas, timufunse ngati anamuonetsanso mundawo mmene unalili mu 2011.